Zilimmutu ndi Tinsapato Tiwiri

"Zili m'mutu, amwene. Zonse zili m'mutu umu." Akatero ankagogoda chipumi ndi chala katatu, go go go, ngati munthu woyesa chivwende pamsika. Kenako ankakweza thalauzi mpaka m'khwapa, mimba patsogolo, mapazi kunja ngati bakha, n'kumapita. Phewa lina m'mwamba, lina pansi, ngati wanyamula chikwama cha ndalama chimene enafe sitinkachiona. Dzina loti Zilimmutu linachokera pomwepo. Ukamufunsa kuti mvula igwa liti, zili m'mutu. Ukamufunsa za nsapato zako zimene unamusiyira mwezi watha, nazonso zili m'mutu.

Pajatu ntchito yake inali yosoka nsapato. Ankakhala pa kabokosi pakhonde la sitolo ya zitsulo, atazunguliridwa ndi nsapato zoyasamula. Luso anali nalo, tisamunamizire. Nsapato yoti mwini wake wailira kale maliro, iye ankaidzutsa n'kuyendanso. Koma kunyumba kwake kunali umphawi wochita kukulonjera pakhomo. Chipinda chinali chimodzi, ndipo mvula ikagwa ankasuntha bedi kanayi kufunafuna pouma. Mkazi wake anali munthu wofatsa, wochapira anthu zovala. Anakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi opanda mwana, mimba ziwiri zitapita padera, ndipo nkhani imeneyo m'nyumbamo sinkatchulidwa.

Tsiku lina kunabwera mlamu wake, mkulu wake wa mkaziyo, mayi wamasiye wogulitsa tomato. Anabwera ndi mafomu awiri. Anati kuli bungwe lina limene likuphunzitsa anthu ofuna kuyamba bizinesi ya nkhuku, ndipo aliyense wolemba pulani yomveka amupatsa anapiye, zomwera ndi zodyeramo. Fomu ina inali yake, ina anatengera mlamu wakeyo.

Zilimmutu anaigwira fomuyo ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kuyamba kuiwerenga ndi mawu a m'mphuno. Nkhuku zanu adzagula ndani? Chakudya chake mudzachipeza kuti? M'dera lanu akugulitsa kale ndi angati? Zikafa mudzatani?

"Zikafa," anabwereza. "Munthu usanayambe n'komwe akukuuza kale za maliro. Alamu, amenewa ndi aphunzitsi kapena afiti?"

Anati anthu olemera onse amene iye ankawadziwa sanalembepo kanthu, ndipo pepala ndi la anthu amene mitu yawo imadontha. Madzulo ake fomu ija anaidula n'kupangira chitsanzo cha soli ya nsapato ya namba eyiti.

Mlamu uja sanakangane naye. Anagula kope la ana asukulu n'kuyenda nalo masabata atatu, kufunsa ophika m'malesitanti, kufunsa wogulitsa chakudya cha nkhuku, kuyeza kuseri kwa nyumba yake ndi mapazi. Anapiye anapatsidwa. Ulendo woyamba ena anafa ndi chitopa, koma anali atalemba kale chochita zikatero, ndiye analira tsiku limodzi n'kupitiriza. Chaka chachiwiri anasintha denga. Chaka chachitatu anagula filiji.

Filiji imeneyo ndi imene inadwalitsa Zilimmutu. Mkazi wake anangoitchula mosaganiza, kuti achemwali masiku ano akumwa madzi ozizira. Mwamunayo anakankha mbale, n'kugona chopenyetsetsa kudenga. Mayi wa tomato. Mayi woti powerenga amatsata ndi chala. Kwa sabata yonse misomali ya m'nsapato ankaikhoma ngati akukhoma mutu wa munthu.

Za sing'anga wina wotchedwa Kalaliki anazimva kwa kasitomala wina wa nsapato zodula, amene anamunong'oneza akumanga zingwe. Anapita masana dzuwa lili paliwombo, kuseri kwa malo ochapira magalimoto, chitseko chachitatu. Iye ankayembekeza nsupa, zikopa za njoka ndi utsi. Anapeza chipinda chosesedwa bwino, tebulo, fani ikuzungulira, ndi mafayilo ndandanda pashelefu. Sing'angayo anali bambo wochepa thupi, wa tayi ndi magalasi, n'chifukwa chake ankamutcha Kalaliki. Anamukhazika pampando, n'kutenga fayilo yatsopano, n'kuyamba kufunsa ntchito yake, zaka zake, ngati ali pabanja, ndiponso ana angati. Atamva kuti palibe mwana, anati, "Pakadali pano," n'kulemba.

"Nanunso mafomu, madala?"

"Anga ndi afupi. Funso lenileni ndi limodzi. Tsiku la mawa muli nalo ntchito?"

Zilimmutu anaseka mpaka kabokosi ka m'chifuwa kanalira. Anati mawa silinamudyetsepo chibadwire, ndipo aliyense womulonjeza za mawa ankakhala akumunamiza.

"Ndiye mundipatse ine," anatero Kalaliki. "Inu mutenge lero, lodzaza mpaka kutayikira. Ine nditenge mawa. Chilichonse chimene mudzachikonzere za m'tsogolo, kaya ndi cholembera, kaya ndi pakamwa, kaya ndi manja, chimenecho n'changa. Sindibwera kudzapempha. Ndimangotenga."

"Nanga za m'mutu?"

Kalaliki anatsitsa magalasi, n'kuuyang'ana mutuwo nthawi yaitali. "M'menemo musade nkhawa. Ndayang'anamo."

Zilimmutu anaona ngati amuyamikira. Anafunsanso ngati sipafunika magazi kapena mbuzi yakuda, poti anamva kuti ena amatero. Sing'angayo anati magazi ndi a anthu opupuluma, iye amadikira. Anamupatsa kachithumwa kotalika ngati chala, kokulunga m'nsalu yakuda, kuti akakakwirire pakhomo la khola. Khola lake liti? Akamange lero lomwe ndi chilichonse chimene angachipeze. Kenako anadinda fayilo ija, phwa, n'kuiika pashelefu pakati pa zinzake.

Tsiku lomwelo mkuluyu anaimika chikhola cha makatoni ndi masaka kuseri kwa nyumba, anthu akuseka. M'mawa mwake lole yonyamula anapiye inafera pamsewu pakhomo pake penipeni, ndipo dalaivala anachita kumugwadira kuti awatenge asanapse ndi dzuwa. Masana kunabwera munthu wina ndi matumba a chakudya, ati anasochera nawo ndipo kubwerera nawo n'kutali. Anapiye aja anakula ngati akupopedwa ndi pampu. Pa masabata awiri zinali nkhuku zoti ukaziona patali umati ndi mbuzi. Ntchafu imodzi inkakhutitsa banja lonse, n'kutsalako ya galu. Ogula ankabwera okha, kudzagogoda, kukanganirana pakhomo.

Inu, munthu uja anasintha. Nyumba anaiona m'mawa, masana n'kugula, madzulo n'kulowamo, osafunsa n'komwe mapepala ake. Galimoto chimodzimodzi. Thalauzi lija linakwera mpaka pafupi ndi khosi. Bokosi la zida zosokera analiponya kuchipinda chosungira katundu.

Pangano lija analiiwala kawiri. Koyamba, wophika wa lesitanti ina anamupempha nkhuku makumi asanu za Lachisanu, iye n'kuyankha kuti amusungira, nazipatula pakona. Pofika madzulo zonse makumi asanu zinali gone, miyendo m'mwamba, pamene zinzake zikudya bwinobwino pambali pake. Kachiwiri anagula malata oti adzakuzire khola mwezi wotsatira. Patapita masiku atatu anawakweza kuti awaone, ndipo anangoyoyoka m'manja ngati masamba ouma, dzimbiri lokhalokha. Kuyambira pamenepo anaphunzira. Munthu akati tionana mawa, iye ankangotsokomola.

Koma pagulu ndiye anasanduka mlaliki. Ankaima pakhomo la sitolo ya zitsulo ija, kiyi wa galimoto akumuzunguza pachala, n'kumauza anthu kuti pulani ndi matenda a amphawi. Wometa wina anamumvera, nagulitsa makina ake n'kugula anapiye osadziwa kokagulitsa, ndipo anadya nkhuku mpaka ana ake anayamba kuthawa fungo lake. Mlamu wake akamadutsa, Zilimmutu ankamufunsa mokweza ngati kope lija layamba kuikira mazira.

"Alamu, pepala si mankhwala," anayankha tsiku lina mayiyo. "Langa ndi masamba anayi okha. Limangondifunsa mafunso njala isanandifunse."

Anthu anaseka mayiyo, poti amene anali ndi galimoto anali winayo.

Kenako m'mawa wina, Zilimmutu akumwa tiyi, mkazi wake anakhala pansi pafupi naye, n'kunena motsitsa mawu kuti wapita kuchipatala ndipo amuuza kuti ndi woyembekezera, miyezi inayi. Anadikira kuti mimbayo ipitirire pamene zinzake zija zinathera asanamuuze. Ankamwetulira, misozi ili mbwe. Mwamunayo anaika kapu pa sosala. Anangoti, "Chabwino," n'kutuluka.

Mwaona vuto lake? Mwana si nkhuku yoti wogula angogogoda. Mwana ndi mawa lokhalokha. Mkazi akati tigule matewera ndi beseni, iye ankati nthawi ilipo. Akati mwanayu tidzamutcha ndani, iye ankakweza wailesi. Tsiku lina mkaziyo anamupatsa kabuku ka kusikelo kuti aone tsiku limene anamwino alemba, n'kumupempha kuti adzamuperekeze. Zilimmutu anakaponya pansi ngati kamuotcha, n'kukalipa kuti asamamuonetse zinthu zimenezo. Munthu woti ankagulira anthu osawadziwa mowa wa bala yonse anakana kugula kachipewa ka khanda. Mkazi wake anaganiza zimene mkazi aliyense angaganize, kuti kunja kuli wina, ndipo mwana uyu bambo ake sakumufuna. Anasiya kufunsa. Ankangolira pochapa.

Zilimmutu anabwerera kuchitseko chachitatu chija. Ulendo uno kuyenda kwa bakha kunalibe. Anapeza fayilo yake yanenepa. Anapempha kuti abweze zonse, nyumba, galimoto, khola, bola pangano lithe.

"Nyumba ndiitani ine?" anatero Kalaliki akutsegula masamba. "Nkhuku makumi asanu ndi malata zija zinali zongolawa. Pulani yanga pa inu ndi ya zaka zinayi, ndipo ikuyenda pa nthawi yake."

"Munadziwa kuti kudzabwera mwana?"

"Ndinafunsa. Inu simunafunse kanthu. Koma musalire, bambo. Ndimatenga zokhazo zimene mwakonza inuyo. Ingokhalani osakonza kanthu. Kwa munthu ngati inu si ntchito yovuta."

"Nanga akabadwa?"

"Akabadwa mudzafuna kumulembetsa sukulu. Ine sindithamanga."

Fani inkangozungulira. Zilimmutu anatuluka, ndipo sanauze munthu.

Amene anagwira nkhaniyo anali mlamu uja. Ataona kuti mng'ono wake akuwonda pamene mimba ikukula, anatsegula tsamba latsopano m'kope lake. Analemba masiku a kusikelo, zofunika m'chikwama, dalaivala woti adzamuimbire, ndi wina wachiwiri ngati woyambayo adzakhale ataledzera. Anamwino atanena kuti chifukwa cha mimba ziwiri zija mayiyo azikhala pafupi ndi chipatala, mkulu wakeyo anamutenga kukakhala kwake. Zilimmutu sanaletse, sanathandize, sanapereke ngakhale sopo. Anthu anamutukwana mseri ndi poyera. Koma zonsezo zinali zokonza akazi awiriwo, osati iye, choncho Kalaliki analibe pogwira. Mwana ankakula, ankatakataka m'mimba, ndipo anamwino ankati zonse zili bwino.

Kunatsala masabata awiri. Mkuluyu anali yekha m'chinyumba chija, masana, osadziwa chochita ndi manja ake. Analowa kuchipinda cha katundu kukafuna zina, n'kupunthwa pa bokosi lake lakale. Anakhala pansi n'kulitsegula. Fungo la guluu ndi chikopa linamukumbutsa masiku amene ankagona tulo. Pansi pake panali kachidutswa ka chikopa chofiira, chofewa, chotsala pa nsapato ya mkwatibwi wina. Anangoti ayese ngati singano ikadali yakuthwa. Kenako anati ayese ngati mpeni ukudulabe. M'mutu munalibedi kanthu, monga ananenera Kalaliki, koma manja aja anali ndi nzeru zawo. Anadula, anapinda, anasoka timizere tating'ono towongoka, ntchito yokongola kuposa ina iliyonse imene anagwirapo. Ankaimba chapansipansi. Atamanga mfundo yomaliza n'kudula ulusi ndi mano, anaona zimene zinali pachikhatho chake: tinsapato tiwiri, toti mwana adzavale akadzayamba kuyenda chaka chamawa.

Kukhola kunali nkhuku zambirimbiri zimene phokoso lake linkamveka mpaka kumsewu. Zonse zinangoti zii nthawi imodzi.

Anayesa kusasula ulusi, koma anali atasoka bwino kwambiri. Foni inalira ali ndi mpeni m'manja. Anaponya tinsapatoto m'thumba la jekete n'kuthamanga.

Kuchipatala namwino anati sakumvetsa. M'mawa womwewo mtima wa mwana unkagunda bwinobwino, iye mwini anaumva. Masana unangoima. Chikwama chinali chokonzeka, dalaivala anafika msanga, palibe chimene chinachedwa. Mwanayo anali wamkazi.

Mukuganiza kuti Zilimmutu anaulula pamenepo? Ayi ndithu. Anakalipira anamwino kuti ndi aulesi. Anauza anthu kuti mlamu wake ndi mfiti, anachita nsanje ndi chuma chake n'kudya mwanayo. Mkazi wake anamva zonsezo ali chigonere, maso kukhoma, ndipo atatulutsidwa sanabwerere kwa mwamunayo.

Iye anakafukula kachithumwa kaja n'kukaponya m'ngalande. Nkhuku zinatha m'masiku atatu, fungo lake anthu oyandikana nawo anachita kusamuka. Kenako kunabwera bambo wina ndi mapepala osonyeza kuti nyumba ija ndi yake, amene anaigulitsa anali wongoilondera. Galimoto nayo inapezeka kuti inali yakuba. Pamenepa sipanafunikenso matsenga, munthu wogula zinthu tsiku limodzi osafunsa amathera pomwepo. Atathamangira kuchitseko chachitatu anapezako telala akusoka madiresi. Mwini nyumba anati bambo wa magalasi uja anasamuka mwaulemu, ndipo anali atanena tsiku losamukira miyezi itatu m'mbuyomo. M'nkhani yonseyi anthu a pulani anali awiri, mayi wa kope ndi sing'anga wa fayilo. Amene analibe ndi amene anadyedwa.

Anabwerera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pa kabokosi komweko. Koma anthu anasiya kumupatsa nsapato, chifukwa ukamusiyira ya munthu wamkulu unkaipeza ataidula n'kupanga tiwiri tating'ono. Thalauzi linatsika lokha, linkamangidwa ndi chingwe. Chipumi ankachigogodabe katatu, go go go, kenako n'kupendeketsa mutu ngati akudikira kuti wina ayankhe m'katimo.

Ndiye inu amene mukufuna kuyamba bizinesi mumve. Kaya mulemba pa fomu ya masamba khumi, kaya pa kope la mwana, kaya kuseri kwa katoni, zimenezo n'zanu. Pepala silinalemeretsepo munthu. Koma amene dyera lamugwira mpaka kukana kudzifunsa kuti adzagula ndani, nanga zikafa ndidzatani, amene akufuna za zaka zitatu zibwere Lachiwiri, ameneyo amapeza wina womukonzera pulani. Ndipo m'pulani ya mnzakeyo iye sakhala mwini bizinesi. Amakhala katundu.

Patatha chaka mkazi wake anabwera pakhondepo, masana, anthu ali pikitipikiti. Mkulu wake anaima chapatali, manja atapinda. Mayiyo sanapereke moni. Anamasula kampango n'kuika tinsapato tofiira tija pa bondo la mwamuna wake. Anati anatipeza m'jekete pamene ankalongedza zovala nyumba ija italandidwa, ndipo wakhala nato miyezi yonseyi osamvetsa.

"Ine ndinkati mwanayo simunkamufuna, bambo. Munakana thewera, munakana dzina. Nanga iti munasokera ndani?"

Zilimmutu anakweza chala kupita pachipumi monga mwa chizolowezi. Chinaima panjira. Anachitsitsa, n'kugwira tinsapatoto ndi manja onse awiri. Wa sitolo anasiya kuyeza misomali, ndipo mlamu uja anasendera pafupi.

"Munalibe kanthu m'mutumu, mayi," anatero, ndi mawu ake enieni amene anthu anali asanawamvepo. "Chiyambire munalibe. Mafunso a alamu aja ndinalibe yankho lake ngakhale limodzi, ndipo kudikira zaka zitatu sindinkafuna. Ndinapita kwa sing'anga. Mwana wathu sanamuphe anamwino, sanamuphe alamu. Ndinamugulitsa ine, asanabwere n'komwe, pogula nkhuku."